Kalavati Amene Anandichotsetsa Pampando

Pali nkhani imene imanenedwa za ine ku Zolozolo kuno. Ndaimva katatu ndi makutu angawa, kamodzi pamaliro ndipo kawiri m'minibasi, kuchokera kwa anthu amene sanadziwe kuti mwini nkhani wakhala pampando wakumbuyo. Amati mdala wina wa kum'mwera anadula msewu wa phula pakati chifukwa sunadutse pageti pake. Ena amati anafuna kuti kontrakitala amupatse kangachepe, ndipo atamumana anakwiya n'kukana kusayina. Zonse ziwirizi n'zabodza. Nyumba yanga ili kutali ndi msewu umenewo, moti ngakhale phula likanafika pamwamba pa phiri, ine ndikanapondabe matope omwe ndimaponda lero. Kontrakitalayo sindinamwe naye ngakhale madzi. Zoona zake n'zakuti ndinakanadi kusayina, ndipo phula linalekezeradi pakati pa phiri. Chimene onena nkhaniyi amasiya ndi chifukwa chake, ndipo ndicho ndikufuna kulemba mwandondomeko.

Ndinabwera ku Mzuzu nditangomaliza Folomu 4, pa nthawi imene satifiketi ya sekondale inali chinthu choika m'felemu. Ndinalembedwa ntchito mu ofesi ina yoona za misewu, ndipo gawo langa linali loyeza. Zida zanga zinali tepi, wilo yokankha imene imawerenga mamita, ndi buku lachikuto cholimba. Sindinali injiniya, ndipo sindinadzitchepo injiniya, ngakhale ena amanditcha choncho lero akafuna kundinyogodola.

Chaka chilichonse kunkabwera fomu yochokera ku likulu. Ankatiuza kuti zimene tilembe zikaphatikizidwa ndi za maboma ena, kenako zipita kunja kwa anthu amene ntchito yawo ndi kuyerekeza maiko. Iwo amafuna kudziwa kuti boma la dziko ili laika zingati pa misewu, milatho, mipopi ndi magetsi, la dziko ilo laika zingati, ndipo pa zimenezo patuluka chiyani. Fomu ya misewu inali ndi bokosi la ndalama, bokosi la utali wa msewu, ndi bokosi la tsiku loupereka. Bokosi la ngalande munalibe, ndipo la mvula munalibenso. Ndinaidzaza zaka zambiri ndi zilembo zaukhondo, ndipo palibe chaka chimene inabwezedwa kuti ndalakwitsa.

Zimene fomuyo sinkafunsa ndinaziphunzira kwa kapitawo wathu, munthu wa ku Rumphi amene sanapite patali ndi sukulu. Tsiku lina anandipeza ndikuyeza kamtsinje m'mwezi wa Seputembala, ndipo anandifunsa ngati ndikuyezera njira ya nyerere. Anandiuza kuti mvula ya kuno si ya kwathu. Kum'mwera, pofika mu Malichi anthu amakhala ayamba kuyang'ana zokolola, pomwe ku Mzuzu mvula imapsa mtima mu Epulo, nthaka itakhuta kale, ndipo madzi onse amatsika m'mapiri ofiirawa nthawi imodzi. Anati mtsinje wa kuno suyezedwa poyang'ana madzi a m'chilimwe. Umayezedwa pa makoma a nyumba zoyandikira, pomwe madzi amasiya mzere wa matope ofiira, ndi pa nthambi za zitsamba, pomwe amapachika majumbo ndi zinyalala. Pamene pali jumbo lapamwamba kwambiri, mpamene madzi anafika. Njira imeneyi ndinaigwiritsa ntchito mpaka tsiku lopuma pantchito, ndipo sinandinamizepo.

Nditapuma, anthu a dera lathu anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko, makamaka chifukwa ndinkatha kulemba makalata a Chingerezi omwe maofesi ankayankha. Wachiwiri wanga anali mwini golosale ya pamwamba pa phiri, munthu wobadwira mumzinda momwe muno, wansangala, amene tinkakhala benchi limodzi kutchalitchi. M'chaka changa chachitatu pampandopo tinalandira uthenga woti msewu wathu wafumbi uthiridwa phula. Msewuwo umachoka pamsika, kutsikira kukamtsinje koyamba, kukwera mpaka pasukulu, kutsikiranso kukamtsinje kachiwiri, kenako n'kukwera phiri lomwe pali golosale ija ndi nyumba zambiri. Anati akuluakulu abwera mu Okutobala kudzaona malowo ndi kudzakambirana ndi komiti.

Apa mpamene ndinalakwitsa, ndipo sindibisa. Ndinalemba chidziwitso chopempha anthu kuti akonze m'dera popeza kukubwera alendo. Ine ndinkatanthauza kusesa mumsewu. Koma anthu a kuno akamva za alendo aulemu sachita zinthu mwatheka. Loweruka lonse anatchetcha zitsamba za m'mbali mwa timitsinje tonse tiwiri, anatola majumbo n'kuwatentha, kenako anapaka laimu pa miyala, pa mitengo, ndi pa makoma onse oyang'ana kumsewu. Tsiku limenelo ine ndinali ku Nkhorongo kuchinkhoswe cha mwana wa mnzanga. Pobwerera ndinapeza dera lonse layera mbee, ndipo ndinayamikira anthu, osazindikira chimene chafufutika.

Alendo anabwera awiri. Wina anali injiniya wa kum'mwera, amene Chichewa chake chinali chofanana ndi changa ndipo anali asanagonepo ku Mzuzu nyengo ya mvula. Winayo anali mayi wa ku likulu, amene ntchito yake inali yowerengera zimene boma limaika pa zomangamanga ndi kuzitumiza kwa oyerekeza maiko aja. Tinakhala m'kalasi ina pasukulu, pa madesiki a ana. Injiniya anatambasula mapulani ake, ndipo ndinaona kuti pa kamtsinje kalikonse waikapo mapayipi awiri a simenti. Ndinamufunsa kukula kwake, anandiuza, ndipo ndinamuuza pomwepo kuti ndi aang'ono. Ndinati pamafunika makalavati aakulu a bokosi, oti munthu n'kuyendamo ataima. Iye anati makalavati otero ndi odula, ndipo akawaika, phula silingafike pamwamba pa phiri.

"Bambo tcheya," anatero mayi wa ku likulu uja, "ndikufotokozereni mmene zimayendera. Amene amatithandiza ndi ndalama amaika maiko pamndandanda. Amaona zimene zalowa ndi makilomita amene atuluka. Dziko limene kilomita yake ndi yodula amalitenga ngati losasamala. Tikafupikitsa msewu uno, kilomita yathu ikwera mtengo, ndipo chaka chamawa tidzavutika kupempha."

"Fomu imeneyo ndimaidziwa, mayi," ndinayankha. "Ndinayamba kuidzaza inu musanayambe sukulu. Ndiloleni ndifunse. Kilomita ya m'dziko la mchenga, kumene mvula imangopereka moni n'kupita, ndi kilomita ya pa Zolozolo, amaziyeza ndi muyeso umodzi?"

"Ndi umodzi."

"Amayeza liti?"

"Pa tsiku lopereka msewu."

"Nanga msewuwo ukakokoloka, boma n'kuumanganso, ndalama zachiwirizo zimalembedwa pati?"

Mayiwo anavula magalasi n'kuwapukuta asanayankhe. "Pa chitukuko."

"Ndiye kuti dziko limene lamanga msewu umodzi kawiri limaoneka kuti laikapo zambiri kuposa limene laumanga kamodzi."

"Pamapepala, inde. Koma fomuyo sindinapange ndine, bambo. Ine ndimangoidzaza, monga munkachitira inu."

Mawu omalizawo anandilasa pang'ono, chifukwa anali oona. Ndisanayankhe, wachiwiri wanga anaimirira.

"A tcheya, yewo chomene, koma tabwera kudzalandira msewu kapena kudzalemba mayeso? Ine ndinalephera kale Folomu 2, musandibwereze."

Kalasi yonse inaseka, alendo omwe. Injiniya anati njira yabwino n'kupita kukaona malowo, ndipo tinatsikira kukamtsinje ka kumunsi kwa msika, anthu ambiri akutitsatira. Mu Okutobala kamtsinjeko kamakhala kanjira ka madzi koti nkhuku n'kuwoloka osanyowa pamimba. Injiniya anaima pamwala n'kufunsa anthu kuti madzi amafika pati nyengo ya mvula. Mayi wina wogulitsa tomato anati, "Maji ngachoko waka, adada," kutanthauza kuti madziwo ndi ochepa chabe. Ena anavomera ndi mitu. Mayi ameneyo ndinkamudziwa bwino, ndipo ndinkadziwa kuti mu Epulo wa chaka chomwecho madzi anamutengera khola la nkhuku ndi nkhuku zomwe.

Sindikunena kuti anthuwo anali abodza. Anali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, kunali mphekesera yoti tikaonetsa kuti malo athu ndi ovuta, msewuwo upita ku Chiputula. Chachiwiri, kuno munthu akakubweretsera mphatso sumuuza pamaso kuti yachepa. Umathokoza, kudandaula kumabwera iye atapita.

"Bambo," anatero injiniya mwaulemu, "ine ndimagwira ntchito ndi umboni. Mwanena za mzere wa matope. Ndionetseni, ndisintha."

Ndinatembenukira ku makoma ndipo ndinaona laimu. Ndinayang'ana ku zitsamba ndipo ndinaona zitsa ndi phulusa. Ndinaima pamenepo ndi tepi m'manja, wopanda choyeza, ndipo ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti mdala wagwidwa.

Ntchito sikanayamba popanda kalata yachilolezo ya komiti, yokhala ndi siginecha ya wapampando ndi chidindo. Kalatayo anandisiyira, ndipo ndinaiika m'dirowa n'kukhoma. Inakhala mmenemo milungu isanu. Pa milungu imeneyo ndinaphunzira kuti moni ndi chinthu chimene munthu angathe kumanidwa. Anyamata a sakaramento, njinga zonyamula anthu zimene kwathu timati kabaza, ankandidutsa ngati sakundiona. Wachiwiri wanga ankabwera Lachitatu lililonse, n'kukhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Adada, sayinani waka. Chaka cha boma chikatha ndalama zibwerera. Mukufuna tidzafe tikudya fumbi?"

"Ndikufuna msewu umene udzakhalepo inu ndi ine titapita."

"Ine ndikufuna umene ndiuone ndili moyo. Galimoto ya shuga imakana kukwera phiri lija, mukudziwa. Matumba ndimasenzetsa anthu pamutu."

Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo sindinkamuona ngati mdani. Koma zaka zonse za ntchito ndinali nditasayina mafomu ofunsa utali wokha, ndipo misewu ina imene ndinailemba kuti yatha ndinaionanso ikumangidwa kachiwiri. Pamenepo ndinkati ndine wolembedwa ntchito, ndilibe mawu. Tsopano mawu ndinali nawo, ndipo anali siginecha imodzi yokhayo.

Amene anavutika kwambiri ndi mkazi wanga. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika, anaika dengu pansi mwamphamvu n'kunena kuti, "Bambo, inu mumakhala m'nyumba ndi mabuku anu, koma kumsika ndimapita ndine. Basera anasiya kundipatsa, lero wina wandifunsa ngati kwathu ku Zomba kulibe misewu yoti mukaletse. Kodi chimene mukufuna ndi mzere wa matope basi?"

Ndinati inde.

"Ndiye mukuufuniranji panja? Laimu anapaka panja. M'nyumba anapaka ndani?"

Ena akamafotokoza nkhaniyi amati ndine ndinaganiza zimenezi, pofuna kuonetsa kuti ndine wochenjera moipa. Ayi, anaganiza ndi mkazi wanga. Iye ndi amayi anzake a kutchalitchi ankayendera mayi wina wamasiye amene nyumba yake ili pafupi ndi kamtsinje koyamba, ndipo anaona kuti bedi la mayiyo linakwezedwa pa njerwa zitatuzitatu. Tinapita limodzi mawa lake. Mayi wamasiyeyo poyamba anakana.

"Yayi, adada. Anthu adzati ndine ndathawitsa msewu. Ine ndilibe mwamuna wondiyankhira."

Ndinamulonjeza kuti tidzabwera awiri okha ndi injiniya, masana anthu ali kumsika, ndipo dzina lake silidzalembedwa paliponse. Lonjezo limenelo ndikulisungabe. Injiniya anavomera kubwera, ndikuganiza kuti chifukwa anali atatopa nane. Tinalowa m'chipinda, tinasuntha kabati, ndipo kuseri kwake kunali mizere itatu yofiira, umodzi pamwamba pa unzake, wapamwamba kwambiri ukufika m'chiuno mwanga. Injiniya anandipempha tepi. Anayeza kuchokera pansi, anatuluka n'kuyeza kutsika kwa nthaka mpaka kumtsinje, kenako anakhala pa chitsa n'kumawerengera pafoni yake kwa nthawi yaitali.

"Mapayipi aja sangakwane," anatero pomaliza. "Apa ndiika kalavati wa bokosi."

Ndinamufunsa za kamtsinje kachiwiri. Anati kumeneko kulibe nyumba yoyandikira, zitsamba zinatchetchedwa, ndipo sangakauze akuluakulu ake kuti wafupikitsa msewu kawiri chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Anati kalavati mmodzi yekhayu achititsa kale kuti phula lilekezere pakati pa phiri, ndipo akaika wachiwiri lidzathera pamtsinje penipeni. Ndinamuuza kuti timitsinje tonse tiwiri timatunga mvula imodzi, ndipo kachiwiriko kali ndi phiri lalikulu kumbuyo kwake. Anati akundimva, koma alibe choonetsa. Ndinati ndiye kalata ikhalabe m'dirowa.

Nkhani yoti phula silifika pamwamba inafika paphiri ine ndisanafike kunyumba. Lamlungu lotsatira komiti inaitanitsa msonkhano wa anthu onse pabwalo la sukulu. Sindinaletse, chifukwa malamulo a komiti, amene ndinalemba ndine, ankalola. Ndinapatsidwa nthawi yolankhula ndipo ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za mvula ya mu Epulo, za kukula kwa mapayipi, ndi za mmene maiko amayezedwera. Nditafika pa za maikozo, bambo wina anakuwa kuti, "Ife sitikhala ku maiko, tikhala ku Zolozolo!" Anthu anaomba m'manja. Anavota pokweza manja, ndipo amene anafuna kuti ndikhalebe pampando anali anayi, kuphatikizapo mkazi wanga. Ndinapereka chidindo ndi kalata kwa wachiwiri wanga pomwepo. Iye anasayina tsiku lotsatira, kalavati wa bokosi pa kamtsinje koyamba, mapayipi awiri pa kachiwiri.

Msewu unamangidwa m'chilimwe chotsatira, ndipo ndiyenera kunena kuti unamangidwa molingana ndi mapulani. Amene amati kontrakitala anaba simenti sanaone ntchitoyo. Ine ndinaiona tsiku ndi tsiku, nditaima patali. Pa tsiku loupereka sindinaitanidwe. Ndinamva kuti mayi wa ku likulu uja anabwera, anayendetsa galimoto kuchokera pamsika mpaka polekezera phula, n'kulemba utali wake.

Mvula ya chaka choyamba inali yofatsa. Mu Epulo munagwa mvula ya masiku awiri, kenako kunangokhala nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamanyowetsa munthu osadziwa. Mapayipi a kamtsinje kachiwiri anagwira ntchito bwinobwino. Kalavati wa kumunsi kwa msika anakhala chinthu choseketsa. Mbuzi zinkagonamo masana, moti anthu anamutcha hotela ya mbuzi, ndipo ena ankamutcha nyumba yachiwiri ya mdala. Anthu a paphiri ankatsika paphula n'kuyamba matope ali ndi theka la chitunda kutsogolo, ndipo aliyense woterereka ankatchula ine. Mnzanga wa golosale anasamukira benchi lina kutchalitchi, ati kumene tinkakhala kunkalowa mphepo. Chaka chimodzi cha mvula si muyeso, ndipo zimenezi ndinazinena kwa mkazi wanga yekha, amene anati ndizisunge mumtima popeza kumsika anali atangoyambiranso kumupatsa moni.

Chaka chachiwiri mvula inayamba mochedwa, koma inagwa mosalekeza mu Febuluwale ndi Malichi, moti pofika Epulo ukaponda pabwalo madzi ankatuluka m'mbali mwa nsapato. Kenako inagwa masiku atatu osapuma. M'mawa wa tsiku lachitatu, cha m'ma 9 koloko, woyandikana nane nyumba anaima pampanda n'kundiuza kuti msewu waduka. Sindinamufunse kuti waduka pati. Ndinavala magambutsi ndi jasi, ndinatenga tepi ndi buku. Ambulera yathu inali itathyoka sabata yapitayo, choncho ndinapita wopanda.

Ndinayambira kumunsi kwa msika. Madzi anali ofiira ngati njerwa, akudutsa m'kalavati ndi mkokomo woti anthu ankalankhulana mokuwa. Munkadutsa mitengo ya nthochi yathunthu, zigubu, ndi chitseko cha chimbudzi cha munthu wina. Ndinagona chafufumimba pamwamba pake n'kutsitsa tepi. Pakati pa madzi ndi denga la kalavati panatsala mpata wa chikhatho chimodzi ndi zala ziwiri. Ndinalemba. Ndili chigonere, galimoto ya buledi inadutsa pamwambapo, kenako minibasi, kenako ana a sukulu atafunda mapepala apulasitiki. Anthu ogulitsa pamsika anali ataima m'makonde akundiyang'ana, ndipo mayi wa tomato uja anali pomwepo.

Ndinakwera mpaka pasukulu n'kutsikira kukamtsinje kachiwiri. Mapayipi anali atatsekeka ndi zitsa ndi zinyalala, madzi n'kudzikumbira njira kumbali kwake. Payipi imodzi inali itagubuduka mpaka kumunsi, m'munda wa chinangwa. Inayo inali itaima chopendekera pakati pa madzi. Phula la mbali yathu linali lendelende pamphepete, pansi pake palibe dothi. Tsidya linalo kunali anthu a paphiri, aphunzitsi awiri atanyamula nsapato m'manja, amayi a madengu, onse akungoyang'ana. Mbali yathu kunaima galimoto yaing'ono yodzaza matumba a shuga ndi ufa, atafunditsidwa lona. Mnzanga wa golosale anali atadutsa pamenepo m'mamawa popita kutawuni, msewu ukadalipo, ndipo pobwerera anapeza palibe. Anali ataima pafupi ndi galimotoyo ndi ambulera yakuda.

Anandiona, n'kuyang'ana kumbali, kenako anabwera.

"Mwawuka uli, a tcheya?"

"Ndadzuka bwino. Koma tcheya ndi inu."

"Lero yayi." Anatembenukira kwa anthu amene anali atayamba kutizungulira n'kukweza mawu. "Mdala uyu ananena. Ananena kuti chaka choyamba chisanathe msewu uwu upita, ife tinaseka."

"Sindinatchule chaka," ndinatero. "Ndinati mapayipi ndi aang'ono."

Wina anaseka, ena n'kutsatira, ndipo iye mwini anaseka akupukusa mutu.

"Enya, adada. Ndi aang'ono chomene. Imodzi ija yapita kukalima chinangwa."

Ndinamuuza kuti a ku ofesi akabwera adzafunsa kukula kwa malo oduka ndi msinkhu wa madzi, ndipo pofika nthawi imeneyo madzi adzakhala atatsika. Ndinamanga mwala kumapeto kwa tepi n'kuuponya tsidya lina, ndipo mphunzitsi mmodzi anauwakha n'kuugwira pamphepete pa phula. Nditatsegula buku kuti ndilembe, madontho anayamba kusungunula inki. Mnzangayo anasendera pafupi n'kuika ambulera yake pamwamba pa bukulo ndi pamutu panga. Ndinayeza malo atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi, ndipo ntchitoyo inatenga pafupifupi theka la ola. Iye ananditsatira malo onse atatu ndi ambulerayo, mvula ikumuyenderera m'khosi mpaka malaya anamatirira kumsana.